Fayilo Inali Chitsegulire

Ndinakwera pachulu laputopu ili m'manja, a Mbewe akundikankha kumsana. Dothi linali lonyowa. Nsapato zanga za m'tauni zinkaterereka ngati ndaponda therere.

"Kwezani m'mwamba, a Owen," anatero iwo akupuma mwawefuwefu. "Netiweki ya kuno ikafuna kubwera imadzera pamwamba pa mkuyu uwo."

Ndinakweza foni ndi dzanja limodzi. Kamzere kamodzi kanaoneka, n'kuzimanso. Kumunsi kwathu, kuseri kwa munda wa fodya, kunkamveka makasu. Adzukulu anali atayamba kale kukumba manda a Laison Namakhwa.

Ine ndine mwana wa ku Kawale. Ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo sindikhalitsa pamodzi. Mwezi uno ku Salima, wamawa ku Mzimba. Chikwama changa sindichimasula chonse. M'basi, pamsonkhano, ngakhale pa ukwati, ndimakhala pafupi ndi khomo.

Chaka chimenecho mpingo wina unandipatsa ntchito. Ku likulu lawo ku Lilongwe anali ndi kompyuta yaikulu yosungiramo mapepala a Akhristu awo onse: za ubatizo, za ukwati, za kusamuka, za mwambo. Ankaitcha nkhokwe. Koma nkhokweyo inali ndi khomo limodzi lokha, la m'tauni. Mlembi wa ku Kabudula kapena ku Nambuma akafuna kusintha mzere umodzi pa fayilo ya munthu, ankalawirira kukadikira minibasi. Ine anandiitana kuti ndiboole khomo lina. Mlembi azitsegula fayilo ali kwawo konko, n'kulemba, n'kutseka. Akangotseka, zolembazo zizilowa m'nkhokwe, abusa n'kumaziona pa foni kulikonse ali.

Akuluakulu anaumirira chinthu chimodzi. Tsiku lodindidwa pa chilichonse chosinthidwa likhale la wotchi ya nkhokwe, osati ya laputopu. Anali ndi chifukwa. Munthu woikidwa pa mwambo akamwalira asanabwezeredwe, mpingo suyimba maliro ake. Ndiye kunali alembi ena a mtima wachisoni amene ankabwezera munthu mumpingo ali kale mtembo, n'kulembapo tsiku la m'mbuyo. Ndinamanga monga anafunira. Ndinamanga molimba, makiyi onse n'kupereka.

Pophunzitsa alembi ndi abusa ku Nsaru ndinawauza kuti kutseka fayilo kuli ngati kudinda chidindo. Onse anagwedeza mitu. A Levison Mbewe, mphunzitsi wopuma, mlembi wa kanthambi kena ka kumaesiteti a fodya, anagwedeza kuposa onse.

Loweruka lija ndinali pa Msundwe. Ntchito inali itatha, ndinkadikira basi ya ku Mchinji. Foni inalira.

"A Owen, ndine Mbewe. Pepani pokuvutitsani. Kuno kwagwa zovuta, ndiye fayilo ya malemu ikukana kupita."

"Mwayesa kuzimitsa n'kuyatsanso?"

"Sindingazimitse. Chonde bwerani. Maliro ndi a lero."

Basi inafika. Ndinaiyang'ana ikudzaza, ikunyamuka. Kenako ndinaitana wakabaza wa njinga yamoto. Anandiyang'ana kumapazi n'kuseka.

"Bwana, kumeneko ndi nsapato zimenezi? Pobwera muzinyamula pamutu."

A Mbewe ndinawapeza pakhonde atavala jekete yakuda yosuwa m'mapewa. Sanandipatse mpando. Anandilowetsa m'nyumba. Laputopu inali pa tebulo, itafunditsidwa kansalu koluka, chingwe chake chitalumikizidwa ku batire la sola. Anachotsa kansaluko ndi manja awiri.

Fayilo inali chitsegulire. Laison Namakhwa, wochokera ku Phalombe. Pansi pa mzere wakale wakuti ali pa mwambo panali mzere watsopano: bwalo la akulu lakhala Lachinayi, lamubwezera mumpingo.

"Adabwera ndi kalata yake ya mpingo, ngati munthu," anatero a Mbewe. "Tenanti pa esiteti apa. Chaka chatha kapitawo adawauza kuti fodya akapsa sadziwa Sabata. Adathyola fodya Lamulungu, nyengo yonse. Tidamuika pa mwambo. Sadatsutse. Chiyambire pamenepo, Sabata iliyonse, benchi ya kumbuyo. Yekhayekha. Ife tikudya mgonero, iye akuyang'ana pansi."

"Ndiye Lachinayi munamubwezera."

"Tidamubwezera. Adatuluka m'bwalo muja akuseka ngati mwana. Dzulo masana chimphepo chija chidamupeza ali pamwamba m'chigafa, akupachika mikangala ya fodya. Chigafa chidagwa."

"Bwanji simunatseke fayilo Lachinayi lomwelo? Netiweki inalipo."

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene anthu amavulira chipewa m'tchalitchi.

"Nkhani idali isanathe, a Owen. Munthu sabwerera mumpingo kuseri. Timatchula dzina Lamulungu, iye aimirira, mpingo umuona, tiyimba. Tikatero ndimadinda. Ngakhale nthawi ya mapepala sindidadindepo dzina lisanalengezedwe."

Ndinayesa kutseka. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira, n'kuima. Laputopu inalibe vuto. Chimphepo chimene chinagwetsa chigafa chinali chitadulanso netiweki.

"Abusa mwalankhula nawo?"

"M'mawa, ndili pachulu. Ali ku Namitete. Ndi atsopano, abwera pa Khirisimasi pompa, satidziwa. Akuti pa foni pawo pakuonekabe kuti ali pa mwambo. Akuti zikaoneka m'nkhokwe abwera."

Njira ya kuchulu inkadutsa pa nyumba za matenanti. Tinyumba ta udzu, tondandalika ngati mizere ya m'munda. Panja pa kamodzi panali amuna ochepa atakhala pa njerwa. Pansi pa mtengo wa mango panakhala amayi a mpingo, aliyense ndi jumbo pamiyendo. M'majumbomo munkaoneka zoyera: mabulauzi ndi mipango ya yunifolomu, zopindidwa bwino.

Mmodzi anaimirira. Wamfupi, wa mawu aakulu. A Mbewe anandinong'oneza kuti ndi mayi Bertha, mtsogoleri wa amayiwo.

"A mlembi, tivale kapena tisavale? Dzuwa likupita."

"Dikirani pang'ono, mayi. Nawa abwera amisiri."

Mayi Bertha anandiyeza ndi maso kuyambira ku nsapato.

"Ndinu eni ake a makinawo, eti? Kodi amabatizanso?"

Palibe anaseka. Ine ndinangoti zikomo.

Tinagwada pakhomo la siwa kuti tipepese. M'katimo munali mdima ndi fungo la fodya wamuwisi, lomwe linali litalowerera m'zovala za aliyense. Mkazi wa malemu, Benedeta, anakhala kumutu kwa mtembo, miyendo atatambasula. Sankalira. Mawu anali atamuthera.

"Abambo," anatero osandiyang'ana, "akuti inu ndi amene mungakonze."

"Ndiyesa, mayi."

"Malaya awo oyera ndinachapa dzulo m'mawa. Simbi ndinachita kubwereka. Amati mawa akaimirire ali otchena." Anakonza nsalu imene anafunditsa mtembo. "Ndi omwewo tawaveka."

Kenako anapitiriza.

"Kuno tilibe mbale. Kwathu n'kutali, sitingawanyamule. Wa gule amamuvinira a gule. Wa mpingo amamuyimbira a mpingo. Woikidwa mwakachetechete ndi nthayo, khanda lopita padera. Awa si nthayo, abambo. Ndikakafika ku Phalombe amayi awo akandifunsa kuti munayimba nyimbo yanji. Ndikawauza chiyani?"

Mawu amenewo ndi amene ndinakwera nawo pachulu.

Tinadikira. Dzanja linatopa, ndinasintha lina. Linthumbu linandikwera m'buluku. Makasu aja ankamvekabe, kenako anasiya, kenako anayambanso. Nthawi ina timizere tiwiri tinaoneka pa foni n'kukhazikika. Ndinalumikiza laputopu msangamsanga. Chala chili m'mwamba, ndinaima.

"Dinani, a Owen."

"A Mbewe, pali chinthu. Ikafika, nkhokwe idinda tsiku la lero."

"Koma m'katimo ndidalemba Lachinayi."

"Mawu ndi anu. Tsiku ndi la nkhokwe."

Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, anawavalanso.

"Tikapanda kutumiza?"

"Akhalabe pa mwambo."

"Tikatumiza?"

"Zioneka kuti mwawabwezera atamwalira."

Anayang'ana kumanda, kumene dothi lofiira linali litaunjikana pakati pa mitengo.

"Zoona ndi zoona," anatero. "Dinani."

Ndinadina. Sizinatenge nthawi. Kunali kuphethira kwa diso. Khomo limene ndinaboola linagwira ntchito yake bwino lomwe.

A Mbewe anaimbira abusa, n'kukweza mawu a foni kuti nanenso ndimve. Kumbali inayo kunkamveka magalimoto a mumsewu wa Mchinji.

"Ndaiona, a Mbewe," anatero abusa. Mawu awo anali a munthu wachinyamata, wotopa. "Yalowa lero. Munthuyo wamwalira dzulo."

"Bwalo lidakhala Lachinayi, abusa. Akulu onse alipo. Afunseni."

"Sindikunena kuti mukunama."

"Nanga mukunena kuti chiyani?"

"Ndikunena kuti a ku likulu aona zomwe ndikuona inezi. Kumene ndachokera, akulu onse a nthambi anaimirira kuchitira umboni munthu wotere. Onse. Pambuyo pake zinaululika. Abusa amene anayimbitsa malirowo lero akulima kwawo."

Ndinatenga foni.

"Abusa, ndine Owen, wa makompyuta uja. Taonani pamwamba pa fayiloyo. Nkhokwe ikuonetsa kuti a Mbewe anaitsegula Lachinayi."

"Kutsegula ndaona. Koma analembamo liti?"

"Laputopu ili nane pano. Ikuonetsa Lachinayi madzulo. Ndikhoza kubwera nayo ku Namitete."

"A Owen, si inu munatiphunzitsa ku Nsaru kuti wotchi ya laputopu ngakhale mwana angathe kuibweza?"

"Ndine."

"Ndiye ine ndiime pa chiyani?"

Mphepo inadutsa m'masamba a mkuyu. Ndinabweza foni kwa mwini wake.

"Pemphero limodzi pamanda mukhoza kupereka," anatero abusa. "Limenelo sindingaletse. Koma yunifolomu ayi. Nyimbo ayi, ulaliki ayi. Nkhaniyi ndikaitula ndekha pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ngati palakwika, tikonza."

"Mtembo sudikira msonkhano, abusa."

"Ndikudziwa, bambo. Ndikhululukireni."

Foni inaduka. Kaya anadula ndi iwo, kaya ndi netiweki, sindikudziwa mpaka lero.

A Mbewe anandigwira mkono.

"Inu ndinu mudamanga nkhokweyi. Simungalowemo? Sindikuti mulembe bodza. Mungoika tsiku lake lenileni."

"Makiyi ndinapereka, bambo. Anandiuza kuti ndimange moti ngakhale ine ndisathe."

"Ndiye mudamangadi choncho."

"Ndinamangadi choncho."

Anagwedeza mutu, monga anachitira ku Nsaru. Potsika pachulu anaterereka n'kukhala pansi m'matope. Ndinawadzutsa. Sanadzisase.

Pansi pa mango paja mayi Bertha sanafunsenso. Anangoona jekete yamatopeyo, n'kumanga jumbo yawo pakamwa. Anzawo anachita chimodzimodzi, mmodzimmodzi.

"Tikanangovala, a mlembi, akanatimanga ndani?" anatero mayi wina kumbuyo.

"Ine ndi amene ndidamuika pa mwambo chifukwa cha lamulo," anayankha a Mbewe. "Lero ndiliphwanye ndi pakamwa pomwepa?"

"Lamulo lanu lomwelo lamudya kawiri," anatero mayi Bertha. Sanakweze mawu.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Bokosi linali la matabwa osapala, misomali ikuonekera. Ndapitako ku maliro ambiri, m'tauni ndi m'midzi, koma ndinali ndisanadziwe kuti nyimbo zimabisa zinthu zochuluka bwanji. Tsiku limenelo ndinamva zonse. Mapazi akufwamphuka m'matope. Kupuma kwa onyamula. Mtembo ukugunda thabwa posinthana mapewa. Tinadutsa pa chigafa chija, mitengo yake ili balala, fodya atayamba kale kuda pansi pa udzu wonyowa. Kapitawo anaima pambali pake, chipewa chili m'manja, maso ali pa fodyayo.

Manda a alendo ali kumphepete, kumene mitengo imathera. Adzukulu anatsitsa bokosi. A Mbewe anapemphera. Pempherolo linali lalitali kwambiri, ngati ankafuna kubisamo ulaliki, koma pomaliza anati ameni, ndipo kunalibenso china chochita.

Benedeta anali atagwiriziridwa ndi amayi awiri. Anatembenukira kwa mayi Bertha.

"Amayi, ngakhale ndime imodzi yokha."

Mayi Bertha anayang'ana a Mbewe. A Mbewe anayang'ana m'dzenje.

Ndiye Benedeta anayambitsa yekha. Mawu ake anali osasa, koma nyimboyo inadziwika. Inali ya mtundu uja woti mmodzi atsogole, gulu livomere. Anayimba mzere wake n'kusiya mpata. Mpatawo unakhala. Ndinaona milomo ya amayi ena ikugwedezeka popanda mawu. Mmodzi analuma nsonga ya chitenje. Benedeta anabwerezanso mzere womwe uja, mokweza pang'ono, ngati mwina sanamumve. Anasiyanso mpata.

Mdzukulu wamkulu anadikira mpaka pamene ulemu unathera. Kenako anaponya khasu loyamba la dothi.

Wakabaza sanabwere kudzanditenga. Anati mtsinje wadzaza, ayesa mawa. Ndinagona kwa a Mbewe, pa mphasa, pafupi ndi tebulo lija. Laputopu anaifunditsanso kansalu kake.

M'mawa anandipeza ndikupala matope ku nsapato.

"Mupita nafe ku tchalitchi," anatero. Silinali funso.

Ndinawauza kuti atsogole. Ndinayamba ndakwera pachulu kukaimbira wakabaza, ndipo pofika ndinapeza mapemphero atayamba. Tchalitchi chake chinali chaching'ono, cha njerwa zosapaka, malata a dzimbiri. Kutsogolo kunali kodzaza, amuna uku, amayi uku. Mayi Bertha ndi anzawo anali atavala zoyera zija, mizere ya mopinda ikuonekabe pa mabulauzi. Benedeta kunalibe. Namfedwa satuluka maliro asanasesedwe, koma nyumba za matenanti sizinali patali, ndipo mawindo analibe magalasi.

Pafupi ndi khomo panali benchi yopanda munthu. Ndinakhala pamenepo, chikwama pamiyendo, khutu lili kumsewu.

Nthawi ya zolengeza inakwana. A Mbewe anaimirira. Jekete anali ataichapa, inali isanaumitsitse. Analengeza za kwaya. Analengeza za kulambula kumanda, ndi za mlendo wodzalalikira Sabata yamawa. Kenako anaima nthawi yaitali, moti mwana wina anayamba kulira n'kutonthozedwa.

"Bwalo la akulu lidakhala Lachinayi," anatero. "Lidamva mbale wathu Laison Namakhwa. Lidaona kuti walapa, ndipo lidamubwezera mumpingo."

Munthu wina anatsokomola. Kunja, chapatali, ndinamva kulira kwa njinga yamoto ikubwera.

Mwina ankafuna kulekera pomwepo. Koma pakamwa pozolowera sipafunsa mwini wake. Mawu otsatira anatuluka okha, monga ankatulukira zaka zonse.

"Aimirire, mpingo uwaone."

Mabenchi analira. Mpingo wonse unatembenuka, amuna ndi amayi, akulu ndi ana, kuyang'ana kumbuyo, pa benchi ya pafupi ndi khomo. Pamenepo panali ine ndekha, chikwama pamiyendo, nsapato zili ndi dothi la kumanda.